Kasupe Atauma Mvula Ili Mkati

Nyumba imene tinkachita lendi ku Zomba inali kumtunda kwenikweni, m'tsinde mwa phiri, kumene msewu umathera. Kuseri kwake ndinalimako kadimba. Nyengo yachisanu, chifunga chitakuta mitengo ya paini, ndinkabzala mpiru, repu ndi anyezi. Dzinja ndinkangoponya nthanga za maungu, bonongwe ndi chisoso n'kumadzimerera zokha. Chilimwe ndiye chinali mdani wanga. Pofika Okutobala zonse zinkafota, kungotsala tsabola wa kambuzi ndi mpungabwi, zamakani ngati mwini wakene.

Chaka china, dzuwa likuswa mtengo, pakona yakumtunda ya dimbalo panayamba kunyowa. Nditakumbapo pang'ono, madzi oyera anatumphuka. Ndinasangalala kwambiri. Ndinakumba kangalande kodutsa m'mabedi onse mpaka kukhitchini, ndipo masamba anga anabiriwira pamene a anzanga anali atapsa.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankagulitsa nkhuni zochokera kuphiri, anabwera kudzaona. Sanayamikire.

"Anzanga, madziwa si anu ayi," anatero. "Ndi thukuta la Napolo ili."

Aliyense ku Zomba amamudziwa Napolo, chinjoka chimene amati chimagona mkati mwa phiri, ndipo chikamasamuka chimatsika ndi miyala, mitengo ndi nyumba za anthu.

"Ndiye ndithawe mpiru wanga?" ndinawafunsa moseka.

"Akamatuluka palibe vuto. Koma mukadzaona asiya kutuluka mvula ili mkati, mwini wake wawameza, akufuna kunyamuka. Musadzatole ngakhale chitenje."

Ndinaseka ndi mano okha. Kuyambira tsiku limenelo mantha anandilowa. Mvula itayamba, dimba linasanduka tchire, maungu akuyanga paliponse, koma ine maso anga ankakhala pa kangalande kaja. Ndikamatsuka mbale ndinkakayang'ana. Ndikamachokera kumsika ndinkayamba kukayang'ana ndisanatule dengu. Phiri limene kale ndinkalinyadira kwa alendo ndinkaliona ngati landiweramira.

Mu Febuluwale kunagwa mvumbi wosalekeza. Tsiku lina masana, ndiwo zitatisowa, ndinatuma mwana wanga wamkazi, amene anali Sitandade 2, kuti akathyole nkhwani. Anafunda thumba la feteleza kumutu n'kuthamangira kuseri. Ine ndinatuluka kukataya madzi otsukira mbale. Mvula inkakhuthuka, denga likuchucha, koma m'kangalande munalibe madzi oyenda, matope okhaokha.

Ndinaponya beseni pansi. Ndinafuula dzina la mwanayo, koma mawu anga anamizidwa ndi chimkokomo chochokera kumtunda, chonga cha malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Nthaka inanjenjemera. Pamene ndinkafika pakona ya nyumba, dimba panalibe. Panali chimtsinje chofiira chikugubuduza miyala ndi zitsa, mpanda wonse utapita.

Sindidziwa kuti ndinakuwa nthawi yaitali bwanji. Ndinali nditalowa kale m'matope mpaka m'mawondo pamene ndinamva mayi wa nkhuni uja akundiitana ali pakhonde pawo. Iwo anali ataona mitengo ikupendekeka kumtunda, n'kudumpha mpanda, n'kumukoka mwanayo pamkono.

Ndinamupeza ataima kumbuyo kwawo, masamba a nkhwani atawafumbata zolimba moti zala zinakana kutambasuka. Anandiyang'ana ndi mantha, koma sanali mantha a phiri.

"Amayi, musandikalipire," anatero. "Sindinamalize kuthyola."