Chingwe cha kuchipinda kwa apongozi

Nyumba imene tinkakhala ku Nchalo inali ya kampani ya nzimbe kumene ndinkagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo tinaipeza ili kale ndi intaneti ya chingwe. Chingwecho chinkalowera pawindo la pabalaza n'kukathera m'kabokosi kothwanimathwanima kamene timati rauta. Ukakhala pabalaza, foni inkagwira bwinobwino. Ukangotuluka khomo la kuseri, basi zii.

Madzi atakokolola nyumba ya apongozi anga ku Makhanga, tinakawatenga kuti azidzakhala nafe. Anasankha okha kanyumba ka kuseri, kuja timati kuboyizikota, ndipo sindinadabwe. Kwathu kuchigwa kuno mkamwini ndi mayi a mkazi wake sayang'anana m'maso. Ine m'chipinda mwawo sindinkalowa, iwo pabalaza panga sankapondapo, zokhala pampando wanga ndiye musanene. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, ngakhale tonse tili pabwalo limodzi.

"Uwauze bambo kuti chitseko changa chikulira," ankatero, nkhope atalozetsa kumtengo wa mango.

"Uwauze amayi kuti ndamva," ndinkayankha, ndikuyang'ana nkhuku.

Mkazi wanga ankangoti, "Mwamvana kale, mukufuna kunditopetsa chabe."

Zonsezi zinalibe vuto mpaka mlamu wanga, mwana wawo wamwamuna amene ali ku Joni, atatumiza uthenga woti kwabadwa mwana. Nthawi imeneyo maso a apongozi anali atayamba kuchita ng'ala. Diso limodzi linali litayera kale, linalo likutsatira. Mkazi wanga anawapititsira zithunzi za khandalo pafoni, koma anakankhira foniyo kumbali.

"Chithunzi sichiphethira," anatero. "Ndikufuna ndimuone akugwedezeka, diso ili lisanatseke."

Mawu amenewo anandilasa, sindinama. Ndinauza mkazi wanga kuti ine ndipita kumsika tsiku lonse, amayi akhale pabalaza momasuka, acheze ndi mlamu pa vidiyo. Yankho linabwera msangamsanga: mpando wa mkamwini ndi wa mkamwini, kaya mwini wake alipo kaya palibe. Ndinapsa mtima pang'ono, koma ungakangane bwanji ndi munthu amene suloledwa kumuyang'ana? Ndinangoti chabwino, ngati amayi sapita kwa intaneti, intaneti ipita kwa amayi.

Mnzanga wa ku ofesi ya makompyuta anandipatsa chingwe chachitali ndi karauta kakale, n'kundilangiza kuti ndikwirire chingwecho pansi. Ndinamuseka. Iyeyo ndi wa kumtunda, sadziwa kuti kuno chinthu chilichonse chimene umachikonda umachiika m'mwamba. Mbewu, masatifiketi, wailesi, zonse kudenga, chifukwa Shire sagogoda akamabwera. Ndiye Loweruka m'mawa ndinatulutsa chingwe pawindo la pabalaza, ndinachimangirira kumtanda wa denga, n'kuchiwolotsa pabwalo mpaka pakhoma la apongozi, chili neng'aneng'a m'mwamba.

Panatsala pamene panali ntchito. Chingwe chinayenera kulowa m'chipinda chimene ine sindingalowe. Ndinaboola khoma ndili panja, ndi msomali waukulu ndi hamala, dzuwa la Okutobala likundiwotcha pamsana ngati ndalakwira munthu. Kenako ndinamangirira mutu wa chingwe kubango n'kulisunthira mkati. Mkazi wanga anali mkatimo ndi karauta kaja.

"Ndilowetse pati?"

"Pabowo la buluu."

"Onse ndi akuda ndi fumbi."

"Pukuta kaye, mayi iwe."

Ndinamva apongozi akuseka chamumtima, kenako mkazi wanga anati nyale ya karauta yayaka. Tinayesa foni, inagwira. Tinapangana ndi mlamu kuti aimbe mawa lake masana, popeza Lamulungu ndi tsiku lokhalo limene sagwira ntchito. Ndinagona ndikudzimva ngati injiniya wa ku Kapichira.

Mawa lake ndinatsalira kutchalitchi pamsonkhano wa abambo. Pofika pakhomo, mtima unangoti phwii. Pachingwe changa panali mabulangete awiri onyowa, zitenje, ndi buluku langa lomwe, madzi ali tho tho tho. Chingwe chinali chitagwa mimba mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi.

"Wayanika pa intaneti?" ndinafunsa mkazi wanga.

"Chingwe ndi chingwe," anatero osatembenuka n'komwe. "Chija cha kale munati mudzamanga liti?"

Ankanena zoona, chifukwa chingwe choyanikira chinaduka kalekale ndipo ndinkangoti mawa. Tinachotsa zovala mothamanga, koma kulemera kwa mabulangete kunali kutakoka mutu wa chingwe n'kuthyola kadzino kamene kamaugwiriza m'bowo mwake. Mkazi wanga akaulowetsa, nyale inkayaka. Akangosiya, chingwe chinkabwerera panja, nyale n'kuzima. Iye sakanatha kugwira zonse, chifukwa manja a apongozi amanjenjemera ndipo ankafunika kuwagwirira foni pafupi ndi diso lotsalalo. Ndiye foni yochokera kwa mlamu inayamba kulira pabalaza.

Ndinauza mkazi wanga kuti atsamiritse karauta kukhoma ndi njerwa, moyang'anizana ndi bowo ndinaboola lija. Ine ndinaima panja, ndinagwira chingwe ndi manja onse awiri n'kuchikankhira mkati, osagwedezeka. Khoma limenelo lilibe mthunzi masana. Thukuta linkalowa m'maso, ntchentche inatera pamphuno panga n'kukhazikika ngati yalipira lendi, ine osaiingitsa. Mayi wa nyumba yoyandikana anadutsa, anandiyang'ana nditakumbatira khoma la apongozi, n'kupitirira osafunsa kanthu. Ndikudziwa kuti nkhani inafika kumjigo ine ndisanasambe.

Mkatimo ndinamva mawu a mlamu, kenako Chisena chinayamba kuthamanga. Apongozi anayamba ndi kumukalipira kuti wanenepa ngati sakumbuka kwawo. Kenako kunangoti chete. Ndinachita mantha kuti mwina dzanja langa laterereka. Ndiye kamwana kanalira, kulira kwa mawu ang'onoang'ono kochokera kutali, ndipo apongozi anayamba kukaimbira kanyimbo kotonthoza, mawu akunjenjemera. Ine panja misozi inasakanikirana ndi thukuta, ndipo ndinalibe dzanja lopukutira.

Anacheza mpaka manja anga anachita dzanzi. Foni itadulidwa ndinamva mphasa ikukwekwesa, ngati munthu akudzikoka kuyandikira kukhoma. Ndinadikira kuti ndimve "uwauze bambo" monga mwa masiku onse. Koma mawu anatulukira pabowo pomwe panali manja anga, pansipansi.

"Bambo, mulipo?"

Ndinayang'ana kumbuyo, kuganiza kuti akunena wina. Panalibe munthu.

"Ndilipo, amayi."

"Takhuta, mwananga," anathokoza m'Chisena. "Zikomo. Ndamuona. Waphethira."