Tsiku Limene NyaMsiska Anatsika pa Benchi

Lamulungu, sabata yomaliza ya holide yaikulu. Ndili pakhonde, ndikudikira makala a m'simbi kuti ayake bwino ndisite yunifolomu. Dzulo ndinamaliza ntchito yanga yoyamba, ndipo ndikufuna ndiilembe yonse ndisanayambe kuiwala.

Ntchitoyi sindinaifunefune. Madamu Gondwe, amene amatiphunzitsa Chingerezi ku Fomu 3, ali ndi kalasi ya anthu akuluakulu masana, m'chipinda china cha pulayimale kuseri kwa msika wa Bolero. Si kalasi yolemba ayi, ndi yongolankhula. Ataitanidwa kukachonga mayeso ku Mzuzu, anabwera kwathu n'kupeza amayi atangoweruka kuchipatala.

"Mundibwereke Tamanda," anatero.

Amayi anaseka. "Uyu? Mlendo akabwera amakabisala kukhitchini."

"N'chifukwa chake ndamusankha. Wolongolola andidyera nthawi ya ophunzira. Ine ndikufuna womvetsera."

Zonsezi ndinazimvera kukhitchini komweko.

Madamu anandisiyira bokosi la nsapato lodzaza makhadi odula ku makatoni a sopo, khadi lililonse funso lake m'Chingerezi. Munalinso choko, kansanza kofufutira bolodi, chipewa chakale chokhala ndi timapepala ta manambala, ndi chitsononkho cha chimanga. Kachitidwe kake kanali kotere. Anthu akakhala mozungulira, umatola khadi, kulemba funso pa bolodi ndi kumasulira mawu ovuta. Kenako aliyense amatola nambala m'chipewa, ndipo a nambala yofanana amakhala awiriawiri, maondo kuyang'anizana, n'kukambirana. Pomaliza onse amabwerera mu bwalo ndipo chitsononkho chimayenda. Amene wachigwira ndiye alankhule, enawo khutu.

"Munthu akulankhula usamudule," anandiuza Madamu. "Akalakwitsa sunga m'mutu. Udzalembe pa bolodi pomaliza, koma osatchula mwini wake."

Tsiku loyamba choko chinandithyokera m'manja, mawu anga osafika ngakhale pa benchi yachiwiri. Anandipulumutsa ndi a Mhango, oyendetsa matola pakati pa Rumphi ndi Bolero, amene amafuna Chingerezi chocheza ndi alendo opita kukaona nyama ku Vwaza.

"Kwezani voliyumu, a Madamu ang'ono! Ife makutu anatha ndi injini."

Onse anaseka, inenso ndinaseka, ndipo dzinalo linandikanirira.

Mafunso ake anali a zinthu zomwe timakhala nazo tsiku ndi tsiku: mzere wa pa mjigo, mowa wa m'timabotolo, atsikana osiya sukulu, kudya kwa pa maliro, amuna opita ku Joni. Ndinazindikira msanga kuti funso likamukhudza munthu, amaiwala kuopa Chingerezi. Tsiku la khadi lofunsa ngati mwamuna ali ndi ufulu wowerenga mauthenga a m'foni ya mkazi wake, a Mhango anati inde, popeza foniyo anagula ndiwo. NyaKumwenda, mayi wogulitsa tomato amene saopa munthu, analanda chitsononkho nthawi yake isanakwane. Anawafunsa m'Chingerezi chodukaduka koma chomveka ngati mkazi wawo amaloledwa kugwira foni yawoyo, imene amagona nayo m'thumba la buluku. A Mhango anapempha madzi akumwa.

Koma wolankhula bwino kuposa onse anali NyaMsiska. Ndi mayi wachitsikana, wondiposa zaka zochepa chabe, ndipo ankabwera ndi mwana kumbuyo. Sukulu anasiyira Fomu 2, mwamuna wake ali ku Joni. Anandinong'oneza kuti waitanidwa ku intaviyu ya ntchito yosamalira odwala pa chipatala china cha mishoni, ndipo mafunso ake adzakhala m'Chingerezi. Tikaweruka ankatsalira, ine n'kumamufunsa ngati bwana, iye n'kumayankha akugwedeza mwana.

Pakati pa holide kunabwera wophunzira watsopano, a Chavula, bambo wachikulire wolima fodya. Anafika pa njinga atavala jekete ngakhale kunali dzuwa. Anati adzukulu awo, ana a mwana wawo wamkazi, anabadwira ku Joni ndipo sadziwa Chitumbuka.

"Akaimba foni timangoti halo, halo, mpaka mayunitsi kutha," anatero.

Tsiku lomwelo NyaMsiska anatsika pa benchi, n'kuyala chitenje pansi pafupi ndi chitseko. Ndinaganiza kuti mwana wamulemera. Chitsononkho chitamufika, anachilandira ndi manja awiri n'kuchipereka kwa wina osanena kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Sanatsalirenso tikaweruka. Ndinafufuza mumtima mwanga chimene ndinamulakwira, osachipeza, ndipo manyazi anandiletsa kumufunsa.

Kenako linafika tsiku lovuta lija. Khadi lomwe ndinatola linali lofunsa ngati mkazi wokwatiwa ayenera kupita kukagwira ntchito yolembedwa. Ndinakondwa, ndinati ili ndiye limutsegula pakamwa NyaMsiska. Chipewa chinayenda. Nambala ya NyaMsiska inafanana ndi ya a Chavula.

Anthu anayang'anana. Ine osazindikira kanthu, ndinakoka benchi n'kunena monga ankanenera Madamu: "Bwerani apa, maondo ayang'anizane."

NyaMsiska anagwada pomwe analipo. "Pepani chomene, Madamu," anatero motsitsa mawu. Anabereka mwana, kutola chitenje, n'kutuluka chowerama. A Chavula anakhala kanthawi akuyang'ana pawindo, kenako anavala chipewa chawo n'kutuluka nawonso.

"Eee, a Madamu ang'ono," anatero a Mhango, "lero mwagwetsera galimoto m'phompho, ife tonse tili momwemo."

"Khalani chete inu," anatero NyaKumwenda. Ananditengera pakona. "Mwana wanga, sukudziwa? Awo ndi atatavyala ake. Apongozi. Bambo a mwamuna wake."

"Koma mayina awo ndi osiyana."

"Kuno mkazi sataya dzina la kwawo. Ungakwatiwe kwa a Chavula mpaka kuchita imvi, ukhalabe NyaMsiska."

Ife tinachokera ku Dedza, ndipo ndakulira m'nyumba za chipatala momwe mkazi wa a Phiri timangoti Mayi Phiri. Zoti awiriwa amachokera pakhomo limodzi sizinandibwerere m'mutu n'komwe.

NyaKumwenda anandifotokozera zotsala. Kumudzi kwa a Chavula, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, salankhula ndi apongozi aamuna mpaka iwo atamupatsa kamphatso komumasula. Zimenezi amakonza ndi apongozi aakazi. Koma mayi a pakhomopo anamwalira NyaMsiska asanabwere, mwamuna ananyamuka ulendo wa ku Joni, ndipo nkhaniyo inangogona. Akakhala ndi mawu, amatuma mwana wa pakhomo.

"Tsono za ntchitozi sangatume mwana," anatero NyaKumwenda. "Mwamuna wake anamuuza pa foni kuti akapemphe kwa adada, apongozi akewo. Apempha bwanji? Intaviyu ndi sabata yamawa. Akapanda kuloledwa sapita. Ndiye iwe wamuika patsogolo pawo ndi funso lomwelo!"

Kalasi inathera pomwepo. Ndinafufuta bolodi misozi ikugwera pa kansanza. Kunyumba ndinauza amayi kuti sindibwererako. Iwo anangondifunsa kuti, "Nanga mtsikanayo?" Funso limenelo linandikhala pamtima mpaka m'mawa.

Kutacha ndinafunsa njira ya kwa a Chavula. Ndinawapeza kudambo akuthirira nazale ya fodya ndi kheni. Ndinagwada. Dothi linali lonyowa, siketi yanga inathera pomwepo.

"Monire, adada," ndinawalonjera m'Chitumbuka.

"Yewo, aphunzitsi. Dzukani, mudetsa zovala."

Sindinadzuke. Ndinapepesa za dzulo lake. Iwo anaika kheni pansi.

"Palibe mlandu. Ndisiya ndine. Uja ndi mwana, aphunzire. Ine ndi adzukulu anga tizipitiriza halo, halo."

"Ine ndikufuna nonse awiri, adada."

"Sizingatheke."

"Chingachitike n'chiyani kuti zitheke?"

"Zimenezo ndi za azimayi. Akanakhalapo mayi a kunyumba, bwenzi zitatha kale. Ine mwamuna ndiyambira pati?"

"NyaKumwenda ndi mzimayi," ndinatero, maso ali pa nazale.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe kamchewa, wabwera kudzandiphunzitsa mwambo wanga?"

"Ayi, adada. Ntchito yomwe anandisiyira ndi yofunsa mafunso basi."

Anatola kheni n'kupita kukatunga madzi. Za intaviyu sindinanene, chifukwa sinali nkhani yanga. Pobwerera ndinadzera pa msika n'kuuza NyaKumwenda zonse. Anasiyira mnzake tomato, n'kumanga chitenje mwamphamvu ngati akupita kukamenyana.

Masana a tsiku lotsatira ndinafika msanga. Ndinabweretsa mkeka wa kunyumba n'kuuyala pambali pa mabenchi, ndipo chipewa cha manambala ndinachisiya m'bokosi. NyaKumwenda anafika atamugwira dzanja NyaMsiska. A Chavula sanaoneke. Ndinalemba tsiku pa bolodi, kulifufuta, kulilembanso. Kenako a Mhango, amene anakhala cha pawindo, anakuwa.

"Wophunzira watsopano! Wa nthenga!"

A Chavula ankakankha njinga, pa kaliyala atamangapo thadzi lalikulu lofiira. Tonse tinatuluka. Pansi pa mtengo wa mango iwo anamasula nkhuku ija n'kuipereka kwa NyaKumwenda, amene anakaiika m'manja mwa NyaMsiska atagwada chapatali. Mkuluyo analankhula m'Chitumbuka, ndipo zomwe ndinatolapo ndi zakuti: mwana wanga, ndinachedwa, kuyambira lero pakhomo paja ndi pako, ukakhala ndi mawu undiuze wekha. NyaMsiska anaomba m'manja mofatsa. "Yewo, adada." NyaKumwenda analuluta mpaka ana a mpira anasiya masewera.

Titalowa, nkhuku tinaimangirira ku mwendo wa benchi. Ndinafuna kutola khadi lina, losavuta, la zakudya kapena nyengo. NyaKumwenda anandigwira mkono.

"Lija silinathe."

Ndinalembanso funso lija pa bolodi. Za awiriawiri ndinazidumpha. Chitsononkho chinayenda, a Mhango ananena zawo, ena zawo, mpaka chinafika pa mkeka. NyaMsiska anachigwira ndi manja awiri. Sanayang'ane apongozi ake, anayang'ana pansi, koma mawu anatuluka, m'Chingerezi choyera kuposa masiku onse. Anati mkazi wokwatiwa angathe kugwira ntchito osasiya kulemekeza pakhomo. Anati ndalama za ku Joni zimabwera mwezi wina, mwezi wina ayi, koma mwana amadya tsiku lililonse. Kenako anapuma, n'kunena kuti iye mwini waitanidwa ku intaviyu, ndipo akupempha adada amulole.

Sindinadziwe ngati a Chavula amva zonse. Anatambasula dzanja, chitsononkho chinawafika. Anayamba kusaka mawu limodzilimodzi, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisawathandize. Funso lawo linatuluka lopindika koma tonse tinalimva: nanga mwana adzatsala ndi yani?

"Ndi agogo ake!" anatero NyaKumwenda m'Chichewa. "Fodya mumathirira m'mawa, masana mumatani? Si kungokhala pa sitolo kuwerenga magalimoto?"

"Chingerezi, mayi, Chingerezi!" anakuwa a Mhango. "Ndiponso chitsononkho mulibe!"

Nkhuku nayo inayamba kukupiza mapiko, fumbi la choko lili kobo. A Chavula anadikira phokoso lithe. Kenako ananena, m'Chingerezi chawo chochepacho, kuti mwana wawo NyaMsiska apite, ndipo akapambane.

Tsiku limenelo sindinalembe cholakwa chilichonse pa bolodi. Zinalipo zambiri, koma zinandithawa m'mutu.

A Mhango anamunyamula NyaMsiska pa matola awo tsiku la intaviyu, anamukhazika kutsogolo, ndipo akuti njira yonse ankamufunsa mafunso mpaka anthu a kumbuyo anadandaula kuti galimoto ikuyenda ngati ngolo. Dzulo, pa kalasi yanga yomaliza, NyaMsiska anatiuza kuti amutenga, ayamba mwezi wamawa. Amakhalabe pa mkeka, ndipo polankhula ndi apongozi ake sawayang'ana kumaso, koma amalankhula. Mwana anali pa miyendo ya a Chavula, akuwakoka jekete. Iwo zawo sizinayende kwenikweni. Anaimbira adzukulu aja, anawafunsa za sukulu m'Chingerezi, koma anawo anayankha mothamanga moti sanatolepo kanthu. Akuti sasiya kalasi mpaka adzawamve.

Chimene ndaphunzira n'chakuti makhadi ndi manambala sadziwa anthu. Anthu amalowa m'kalasi ndi ubale wawo, ndi zomwe amaopana, ndi nkhani zomwe zinagona pakhomo. Munthu akakhala chete, kawirikawiri si Chingerezi chamusowa. Ndinayenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Madamu Gondwe abwera usiku uno. Mawa tikaweruka ndikawabwezera bokosi lawo, ndipo sindikangolisiya pa tebulo n'kuthawa monga ndimachitira. Ndikawapempha kuti wophunzira watsopano akabwera, asanatole nambala m'chipewa, tizimutengera pambali n'kumufunsa kuti: muno muli ndani wanu?