Utsi wofiirira wa mu ng'anjo

Izi si nkhani zongomva ayi, ndinazichita ndekha ndi manja angawa, ndipo ngakhale bambo akunyumba kwanga sindinawauzepo.

Inali nthawi ija yunivesite inkakula, nyumba zikumera paliponse mu Mzuzu muno, ine ndili chaka chomaliza cha sayansi. Aphunzitsi anatipatsa ntchito imodzi ine ndi mtsikana wina wa ku Nkhata Bay amene ankakhala ku Ching'ambo, yopanga katalisiti, kaufa kothandiza kuti utoto wa m'madzi oipa uthe msanga. Aliyense ankapanga ufa wake: tinkaviika phulusa la mankhusu a mpunga m'mankhwala a kopa, kuliumitsa, kenako kuliotcha mu ng'anjo yamagetsi, moto tikukweza pang'onopang'ono mpaka ufa wobiriwira uja ude bii.

Ndiye ufa wakewo, abale inu! Akangothira m'madzi a utoto, madzi mbee tisanamalize n'kucheza komwe. Wanga? Madzi ankangondiyang'ana. Phulusa la thumba limodzi, njira imodzi, koma aphunzitsi akalowa mu labu dzina linali lake basi, mpaka ananena kuti ufa wopita kunja kukapimidwa pa makina omwe ife tinalibe ukhala wake yekha. Pamaso ndinkamusekerera, koma nsanje inkandidya moti chakudya sichinkalowa. Iyeyo ndani, wa mitu iwiri?

Tsiku lootcha ufa wake womaliza kunkagwa kamvula kozizira kathu kaja, mawindo onse tinali titatseka. Masana iye atapita kukadya, ine ndinakweza moto wa ng'anjo mpaka pamapeto n'kukakhala panja pakhonde. Ndinkangofuna kuti ufawo upserere, basi. Kodi sitinaphunzire m'kalasi kuti mankhwala aja ukawatenthetsa mwadzidzidzi amalavula utsi wakupha, wonse nthawi imodzi? Ndinkadziwa bwino lomwe, koma tsikulo mutu sunali wanga.

Ndinangomva munthu akutsokomola ngati akutsamwa. Kutsegula chitseko, mayo ine, chipinda chonse chili psuu ndi utsi wofiirira wolasa m'maso, mnzanga ali gone pafupi ndi ng'anjo. Anali atabwerera msanga kudzera khomo lina, ndipo ataona utsi anathamangira kuti apulumutse ufa wake, chonsecho anali wa mphumu, inenso ndikudziwa. Ndinamukoka miyendo mpaka pa udzu, milomo yake itachita phulusa, mpweya ukulira ngati wenzulo, ine ndikukuwa osadziwanso chomwe ndikunena.

Masiku amene anagona kuchipatala ndi mapaipi m'mphuno, ine foni ikangolira ndinkaopa kuiyankha. Anachira, koma aliyense anati iye ndiye analakwitsa pokweza moto, mwini wakenso anavomera kuti mwina anasokoneza. Ufa unapita kunja unali wanga, zotsatira zake n'kubwera zosonyeza kuti kopa anangounjikana m'timibulu, ufa wopanda ntchito. Mayi ake anandigwira manja onse awiri akulira, akungothokoza kuti yewo chomene, ati Mulungu ananditumiza ine.

Lero tikakumana ku Katawa amauza ana ake kuti andipatse moni mwaulemu, poti ndine ndinapulumutsa mayi awo, ndipo amayamba waima pakati pa mawu kuti akoke mpweya. Ine pano ndimakhulupirira kuti ufiti sufuna mankhwala a kwa sing'anga, nsanje yokha ikukwanira. Mukaona kuti chamnzanu chikukuwawani mumtima, tulukani msanga mukakhale kutali ndi ntchito yake. Ine digiri ndinatenga, koma mpaka lero sinditha kuyankha moni wa ana aja ndikuwayang'ana m'maso.