Tsiku Limene Che Bakali Anagwira Mbewa

Che Bakali anaponya khasu pafupi ndi mapazi anga.

"Dzuka, Zuze. Lero ndi domingu."

Sindinadzuke. Ndinali ndi zaka ngati khumi. Ndinali pakhonde nditatsamira khoma, mutu wometa chifukwa cha maliro. Bambo anga tinali titawaika m'manda masiku angapo m'mbuyomo. Anangodwala pang'ono, basi n'kupita. Kuyambira pamene dothi linawakwirira, ine ndinasiya kulankhula. Sindinalire. Chakudya ndikachiika m'kamwa chinkangokhala ngati thonje, ndiye ndinkachisiya. M'kati mwanga munali zii.

Amayi anatuluka akumanga nsalu yawo ya kapulana m'chiuno.

"Alamu, msiyeni mwanayu. Anthu sanamwazike n'komwe."

"Wadya liti?" anafunsa Che Bakali.

Dzulo lake ndinamva amayi akuuza anzawo kuseri kwa nyumba kuti, "Ameneyu akulondola bambo ake." Ndinamva bwinobwino. Sindinaope.

Che Bakali anali msodzi wa ku Chiuta, Myao, Msilamu. Anadziwana ndi bambo ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndipo anabwerera limodzi kwathu kuno. Bambo anali ndi lamulo lawo. Tsiku la domingu, lomwe ndi Lamulungu, tikatuluka m'tchalitchi, sitinkagwira ntchito komanso sitinkakhala pakhomo. Tinkapita kutchire. Nthawi ya mvula kunali bowa ndi ngumbi. Nthawi zina Che Bakali ankatikweza m'bwato kukaona mbalame m'mabango. Chilimwe, minda ikapsa, tinkakumba mbewa. Amayi ankadandaula kuti udzu ukukula m'munda. Bambo ankangoti udzuwo tiupeza mawa.

Asilamu sadya mbewa. Che Bakali sankazikhudza n'komwe. Komabe ankabwera, kusiya maukonde awo, n'kukakhala pachulu ndi chinangwa chawo, kumatiyang'ana.

"Munthu wandevu kuthamangitsa makoswe!" ankatero. "Achimwene, manyazi mulibe?"

"Iwe amene umadya mlamba wogona m'matope ukhale chete," ankayankha bambo.

Zinali choncho chaka ndi chaka.

Tsiku limenelo Che Bakali sanandinyengerere. Anandigwira pamkono n'kundiimika. Anauza mlongo wanga wamng'ono, Luwiza, kuti anyamule chigubu cha madzi ndi kamchere. Khasu analinyamula okha. Ndinawatsatira chifukwa kukana kunkafuna mphamvu zimene ndinalibe.

Tinadutsa njanji, n'kulowa m'minda ya chimanga yomwe anali ataitentha. Phulusa linkafika m'akakolo. Mapazi anada. Dzuwa linali litakwera, mphepo ikununkha utsi wakale. Ndinaona chulu chimene Che Bakali ankakhalapo. Iwo anachidutsa osachiyang'ana.

Anapeza una n'kuyamba kukumba. Unali una wakale, pakamwa pake pali ulusi wa kangaude. Ndinaona. Sindinanene. Anakumba mpaka thukuta linanyowetsa malaya, osapeza kanthu.

Una wachiwiri unali wabwino, dothi lake latsopano. Koma mbewa imakhala ndi kabowo kena kothawirako, ndipo wokumba amayamba wakatseka kameneko. Iwo sanatseke. Akukumba kuno, mbewa zinatulukira kumbuyo kwawo, kudutsa pakati pa miyendo ya Luwiza.

"Zathawa! Che Bakali, zathawa!" anakuwa Luwiza uku akudumpha.

Che Bakali anatukwana m'Chiyao n'kupukuta kumaso. Ine ndinangoima.

Kenako anapita pauna wina pansi pa chitsa. Pakamwa pake panali posalala. Panalibe dothi lofukulidwa, panalibe timapazi. Bambo anandiphunzitsa kuti una wotero mwini wake si mbewa. Che Bakali anagwada. Anapinda mkono wa malaya. Anayamba kulowetsa zala, pang'onopang'ono.

"Musalowetse dzanja."

Mawu anatuluka okhakhala, ngati a munthu wina.

Che Bakali sanatembenuke. "Chifukwa?"

"Njoka."

"Wadziwa bwanji?"

"Palibe mapazi."

Anachotsa dzanja. Anakhala pansi paphulusa n'kundikankhira khasu.

"Ndiye ndionetse. Ine ndatopa."

Ndinatola khasu. Linali la bambo, mpini wake wosalala pamene ankagwira. Ndinayenda kufunafuna mpaka ndinapeza una wa dothi latsopano. Ndinazungulira, n'kupeza kabowo kothawira, n'kukatseka ndi chidendene. Ndinathyola kamtengo kolondolera njira ya una. Ndinakumba. Manja ankadziwa ntchito. Nditafika pachisa cha udzu, mbewa ziwiri ndinazipanikiza ndi khasu. Ina yaikulu inadumpha n'kulunjika kumene kunali Che Bakali.

Anaigwira ndi dzanja.

Inawaluma chala. Sanaitaye. Anaigwira kutali ndi thupi, nkhope atakwinya, maso atatsinzina, magazi akutsika m'chikhatho.

"Tenga chinthu chakochi! Tenga msanga!"

Ndinaitenga. Luwiza anaseka mpaka anagwa pansi. Che Bakali analanda chigubu n'kusamba m'manja, kupaka mchenga, kusambanso, mpaka madzi athu akumwa anatha.

Tinakoleza moto pansi pa mtengo. Ndinatumbula mbewa zija, kuwaza mchere, n'kuziotcha. Che Bakali anakakhala kumene utsi sunkafika, atatifulatira, akudya chinangwa. Ndinadya imodzi. Ndinamva mchere. Ndinamva utsi. Sindinganene kuti ndinasangalala. Bambo anali akadali m'manda. Kungoti mimba inakumbukira kuti ili ndi njala, ndipo ndinadyanso ina.

Titafika kunyumba, amayi anayang'ana pakamwa panga pali mafuta ndi phulusa. Anayang'ana chala cha Che Bakali chomangidwa ndi kansanza. Analowa m'nyumba. Ndinawamva akulira motsitsa.

Nkhani inafika kunyanja. Luwiza sankasunga mawu. Asodzi anzawo ankawaseka Che Bakali, ena ankawanena zenizeni, kuti munthu wopemphera wagwira chonyansa. Akazi awo anawakaniza kudya m'mbale imodzi ndi ana masiku angapo. Domingu yotsatira Che Bakali anabweranso. Anabweranso ina. Mvula itagwa tinapita ku bowa. Madzi atadzaza tinakwera bwato. Amayi nawo anayamba kutitsatira. Che Bakali mbewa sanaigwirenso, anabwerera pachulu chawo. Za bambo sitinkakamba. Tinkangoyenda m'malo amene iwo ankayenda. Zinatero mpaka ndinamera ndevu.

Sukulu ndinalekera panjira. Lero ndimanyamula nsomba panjinga kuchokera kunyanja ya Amaramba kupita kumisika. Domingu nsomba zimayenda malonda, anzanga amandiuza kawirikawiri. Ine sindipita. Ndimatenga ana anga, ndi ana a mnansi amene afuna, n'kulowa kutchire. Nthawi zina sitipeza kanthu. Timabwerako ndi minga m'mapazi basi.

Chimene ndikudziwa n'chochepa. Bambo anapatula tsikulo zinthu zili bwino, pamene linkaoneka ngati kutaya nthawi. Zitavuta, tsikulo linalipo kale. Panalibe chofunika kuganiza kapena kukambirana. Munthu anangofika pakhomo n'kunena kuti lero ndi domingu. Akanabwera kudzandipepesa ndi mawu, sindikanamva.

Chinthu chimodzi chinkandivuta zaka zonsezi. Che Bakali anakulira kuno. Anakhala pachulu kuyang'ana bambo akukumba kwa nthawi yaitali. Munthu wotero sangalephere kusiyanitsa una wa mbewa ndi wa njoka.

Chaka chatha ndinadzera kwawo ndi ana popita kutchire. Akalamba. Miyendo siyenda, maso akuchita khungu. Ndinawapeza pamkeka akupapasa ukonde wong'ambika. Ndinakhala nawo pang'ono. Kenako ndinafunsa.

"Che Bakali, una uja wa pansi pa chitsa. Munkadziwa?"

Anapitiriza kupapasa ukonde.

"Ndikanakhala chete, mukanalowetsa dzanja?"

Zala zawo zinaima. Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga.

"Unali wa njoka, eti?"

"Unali wa njoka."

"Ndiye unachita bwino kulankhula." Anatolanso ukonde. "Pita, Zuze. Ana akupsa ndi dzuwa."

Ndinaimirira. Ndinatembenuka n'kumapita.