Batani la Pakhosi

Amayi anga anakhala telala zaka makumi anayi, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato. Kasitomala amene anawasautsa koposa anali mlongo wawo yemwe, amalume anga, abishopu.

Amalumewo analeredwa ndi amayi, makolo awo atamwalira. Popita ku seminale, zovala zawo zonse zinatuluka pa makina a amayi. Mkanjo woyamba wa unsembe anausokanso ndi iwo, mabatani kuyambira pakhosi mpaka kumapazi. Koma panali chinsinsi chimene ndinkachidziwa ine ndekha: batani la pakhosi ankalisoka dala ndi ulusi umodzi wokha. Pakatha miyezi iwiri linkathothoka, amalume n'kutulukira pa njinga yamoto, batani lili m'thumba. Amayi ankawakhazika pa mpando wa makasitomala, n'kumasoka mwachizengereze uku akuwakalipira kuti awonda, sakugona, tsitsi sakupesa. Batani limodzi, ola lathunthu.

Zinayenda choncho ali ku parishi, ngakhalenso pamene ankaphunzitsa ku seminale. Zinasokonekera atadzozedwa ubishopu.

Tsiku la mwambowo amayi anaima pamzere ngati wina aliyense, anagwada, n'kupsompsona mphete ya mwana amene ankamupukuta mamina. Mkanjo watsopano anausokabe, la pakhosi ulusi umodzi monga kale. Linathothoka ndithu. Koma amene anafika nalo ndi dalaivala, mkanjo uli m'jumbo, ati Ambuye atanganidwa.

Ine zinandinyansa, ndisaname. Munthu wolamula ansembe onsewo n'kulephera kudzilamulira ola limodzi? Amayi akaimba foni ankayankha ndi mlembi: lero Ambuye ali ku msonkhano, mawa akukatsegulira tchalitchi, yesaninso sabata ya mawa. Ndinawauza kuti angolisoka zolimba batanilo, asiye kudzizunza. Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Ndikalilimbitsa, ngakhale dalaivalayo sabweranso. Nanga ndizimva kwa yani ngati akudya?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri dalaivala ali m'njira. Amalume tinkangowaonera patali, pa guwa ndi pa maliro, anthu atawazinga. Kenako maso a amayi anachita ng'ala, makina aja tinawafunditsa nsalu.

Patatha chaka atapuma pa udindo, amalume anafika masana ena okhaokha, mkanjo uli pamkono. Ine mawu anali atandifika pakhosi, koma amayi ananditsina kuti ndikhale chete.

"Achemwali, batani lathothoka," anatero amalume.

Amayi anapapasa pakhosi pa mkanjowo mpaka anagwira kaulusi kotsala.

"Ili silinathothoke lokha. Mwachita kulidula ndi lumo, Ambuye."

"Uwu anasoka ndi masisitere. Ndadikira chaka chonse, koma awo mabatani sathothoka. Ndiponso za Ambuyezo zisiyeni."

"Wachedwatu iwe," anatero amayi. "Bowo la singano sindilionanso."

Amalume anatenga singano m'kachitini, kuvala magalasi, n'kunyowetsa ulusi ndi malovu. Anaphonya kanayi konse, ine ndikungowayang'ana osawathandiza. Ulusi utalowa, anaupinda pawiri kuti ulimbe, n'kupereka singanoyo. Amayi anaupapasa ulusiwo, n'kuwamenya kakhofi padzanja.

"Umodzi," anatero.