Choko cha Wolakwa

Aphunzitsi achikulire a masamu pasukulu ya pakati pa minda ya tiyi sakwapula mwana. Wolakwa samu amangomupatsa choko kuti mawa lake aphunzitse anzake. Iwo amati mtsogoleri ndi munthu wolakwa pagulu n'kubweranso m'mawa.

Chaka chatha anapita ku Luchenza kukasulidwa za masamu ndi utsogoleri wa achinyamata. Mlangizi wawo, a Chawanangwa, anaphonya samu pabolodi. Aphunzitsi onse anawerama, poti bambowo ndiwo amasainira zokwezedwa pantchito.

Aphunzitsi achikulire aja anadzuka, natulutsa choko m'jekete.

"Mawa kalasi ndi yanu, achimwene."

A Chawanangwa anabweradi m'mawa, choko chili m'manja. Akuluwa sanakwezedwebe mpaka lero, koma akamakamba za a Chawanangwa amati mwana ameneyo ali ndi tsogolo.