Mbozi za amai Mulenga

Ndikukumbukila chaka chimene ndinali mu Giledi 6, ndili ndi zaka khumi ndi ziwili, pasukulu yathu ya kumudzi kufupi ndi Nyimba. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene sopo ndi makope zinkasowa m'masitolo, ndipo pensulo imodzi tinkaidula pakati kuti ikwanile anthu awili. Chaka chimenecho kunabwela mphunzitsi watsopano wa zosoka, amai Mulenga, ochokela ku Kasama. Chinyanja chawo chinali chosakanikilana ndi Chibemba, ndipo tinkawaseka kumbali. Koma manja awo sankakhala chete.

Ankawilitsa makungwa a mango ndi makoko a anyezi m'chitini, n'kuviikamo masaka akale a ufa mpaka atasanduka achikasu. Tinkasema maluwa pa chinangwa chodula n'kumadinda pansalu. Zina zinkatheka, zina ayi. Nsalu ina inasuluka pa kuchapa koyamba, iwo anangoseka n'kunena kuti tiyesenso mailo. Ahedi athu, a Mwanza, sankakondwa nazo. Ankati ana anabwela kudzaphunzila masamu ndi Chizungu, osati kuphika makungwa.

Titatsegulila temu yomaliza, amai Mulenga anabwela ndi kapepala kokhala ndi timadontho totuwa ngati mbewu za fodya. Anati ndi mazila a mbozi zopanga silika, anawapatsa ndi mnzawo wa ku Lusaka. Ataswa, munatuluka timbozi takuda tating'ono ngati ulusi. Tinatiika m'katoni ya nsapato, ndipo chakudya chake chinali masamba a malubeni, mtengo uja wa tizipatso takuda totsekemela, okha basi. Anyamata ankafunsa amai Mulenga ngati akuweta ndiwo, popeza kwawo amakonda vinkhubala, mbozi zodyedwa zija. Iwo ankayankha kuti anthu odya mbewa alibe pakamwa ponyozela mnzawo.

Mbozi zinakula, zinayela, zinafika ngati chala changa. M'kalasi mukakhala zii, tinkamva zikudya, phokoso lake ngati mvula yowaza pa udzu. Zitatu zinafulumila kukhwima. Amai Mulenga sanazilole kudzikulunga m'zikwa monga zimachitila. Anaziika pa kabolodi kosalala kopanda pogwila, ndipo mbozizo, posowa pomangila, zinayala ulusi wawo pansi, uku ndi uku, masiku awili. Atamatula, chinatuluka chinthu chonga pepala, chachikulu ngati chikhatho, chowala, chopepuka moti ukapuma pafupi chinkauluka. Tinadutsitsana m'manja mosamala. Ngakhale a Mwanza anabwela kudzaona. Anachiyang'anitsa kudzuwa, kenako ananena kuti ngati mbozi zotsalazo zingapange pepala lalikulu, tidzalembapo dzina la sukulu n'kukalionetsa kuboma pa tsiku lokumbukila ufulu. Aka kanali koyamba kuwayamikila amai Mulenga pamaso pathu.

Kutatsala milungu iwili kuti tsiku la ufululo lifike, aphunzitsi ena anaitanidwa kumsonkhano wa masiku anayi ku Petauke, ndipo amai Mulenga anali m'gulumo. Anasankha ine kuti ndisunge katoni ija, chifukwa ndinali waukhondo pa zosoka, ndiponso anamva kuti kwathu kuli mtengo wa malubeni. Ndinainyamula pamutu ngati mphika wodzaza, anzanga akundichitila nsanje.

Mtengo wathuwo unali pampanda wa dimba la atate. Wina unali kutali, tsidya la mtsinje, pabwinja la sitolo yakale. Tsiku lachiwili m'mawa atate anatenga pampu yopopelela thonje, n'kupopela lepu ndi tomato mankhwala amene anatsala chaka chatha. Pobwela, akusamba m'manja, anandiuza kuti ndisathyole kanthu kalikonse kudimba, ngakhale masamba a mbozi zanga, chifukwa mphepo inali kuwombela kumpanda. Anati ndizipita tsidya lija.

Tsiku limenelo ndinapitadi. Dzuwa la Okutobala linali lowamba, mchenga unkaotcha mapazi, ndipo ndinabwelako mutu ukuwawa. Tsiku lotsatila anzanga anayamba kusewela chiyato, masewela a timiyala, pansi pa mtengo wa mbula, ine ndikupambana. Nditakumbukila mbozi, dzuwa linali litapendeka. Ndinathamangila kudimba, ndinathyola masamba, ndinawatsukuluza pang'ono m'chidebe. Ankanunkhabe kafungo ka mankhwala aja, koma ndinadziuza kuti madzi achotsa zonse.

M'mawa mwake nditavundukula katoni, sindinamve phokoso lija. Mbozi zinali zitapindika, zina zikusanza madzi obiliwila, zina zikugubuduka. Ndinathamangila tsidya lija kukatenga masamba abwino, koma pobwela palibe imene inadya. Pofika masana zonse zinali zitafa. Ndinazikwilila kuseli kwa nkhokwe. Atate anandipeza ndikutsuka katoni, anandifunsa kumene ndinathyola masamba. Ndinati kusitolo yakale. Anandiyang'ana m'maso, kenako anatola khasu lawo n'kumapita.

Lolemba ndinaima patsogolo pa amai Mulenga ndi katoni yopanda kanthu. Bodza ndinali nditalikonza kale m'njila. Ndinati nyelele zinalowa m'katoni n'kuziluma zonse. Ndinkayembekeza chikwapu, ndipo mwina zikanakhala bwino ndikanakwapulidwa. Iwo anakhala pansi pa benchi la ana, anagwila katoniyo pamiyendo.

"Wolakwa ndine, Esinati," anatelo. "Mnzanga uja anandiuza kuti katoni iziikidwa pamwamba pa mbale ya madzi chifukwa cha nyelele. Ine ndinaiwala kukuuza. Usalile, mwana wanga. Ndakusenzetsa katundu wanga."

Ndinalila kwambili, ndipo iwo ankaganiza kuti ndikulilila mbozi. Anandipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje chawo. Ndinafuna kuulula zoona, koma kalasi yonse inali kundiyang'ana, ndipo ndinangopitiliza kulila.

A Mwanza anali atalembela kale kuboma kuti sukulu yathu ibweletsa chinthu chimene anthu sanachionepo. Atamva kuti mbozi zafa, anawadzudzula amai Mulenga pakhonde la ofesi, ife tikumva. Anati munthu woiwala chinthu chaching'ono chotelo asamayambe zinthu zazikulu, ndipo kuyambila tsiku limenelo aziphunzitsa zimene zili m'buku. Amai Mulenga sanatchule dzina langa. Anangoti, "Ndamva, bambo."

Kuboma tinapita ndi gule ndi nyimbo, monga masukulu ena onse. Chitini chowilitsila makungwa chinachita dzimbili kuseli kwa kalasi. Tinkasoka mipendelo ndi mabatani, mlungu ndi mlungu. Mtsikana wina atawafunsa ngati angaitanitse mazila ena, anayankha kuti zinthu zamoyo zimafuna munthu wosaiwala. Pamene ankanena zimenezi ankasoka, sanakweze mutu. Ine ndinali pampando wakutsogolo.

Anandikondabe. Ankandituma kukatenga choko, ankandisungila tizidutswa ta nsalu tokongola. Chilichonse chimene ankandipatsa chinkandilemela. Kangapo ndinatsala m'kalasi anzanga atatuluka, ndikuti lelo ndinena, koma akandimwetulila ndinkangofunsa za ulusi. Chaka chotsatila anawasamutsila kusukulu ina ya ku Sandwe, kumene galimoto inkafika mwa apo ndi apo. Ndinawathandiza kukweza mtolo wawo pa lole, ndinawatsanzika osaulula za masamba aja.

Nditakula ndinakhala telala, ndipo ndasoka zovala mu Petauke zaka zambili. Ndinafunsafunsa za iwo kwa aphunzitsi opuma amene ankabwela kudzasoketsa. Mmodzi anandiuza kuti anabwelela kwawo kalekale, ndipo sankadziwa ngati akali moyo. Anati ankawadziwa ngati mphunzitsi wofatsa, wotsata buku, wosakonda zoyesayesa. Ndinaimitsa makina, sindinathe kupitiliza msoko.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kupha mbozi. Mbozi zikanapezeka zina. Chimene ndikuona tsopano n'chakuti bodza silifafaniza mlandu, limangousamutsila pamutu pa wina, ndipo kawilikawili amene amausenza ndi munthu amene amakukhulupilila kwambili. Amai Mulenga sanalakwitse kanthu. Ankadziwa ntchito yawo, ndipo ine ndinawachititsa kukayikila manja awo omwe. Atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka ndimawauza kuti akadula nsalu molakwika anene nthawi yomweyo, lumo likali m'manja. Amaganiza kuti ndikudela nkhawa nsalu.